Muyeso wa Zuze

M'chaka cha 2074, ku Ngabu kunabwera telala wopanda lumo, wopanda singano, wopanda ngakhale phazi lopalasira makina. Linali bokosi lakuda, lalikulu ngati firiji ya m'butchala, ndipo m'mimba mwake munkatuluka timakina touluka tonga atombolombo. Ukangoima patsogolo pake, atombolombo aja ankakuzungulira kuti zwiii, kuyambira kuchidendene mpaka paliwombo. Kenako bokosi lija linkalankhula ndi mawu a m'mphuno ngati wolengeza za maliro pa wailesi:

"Mkono wamanja, wabwino. Bondo lamanzere, lotopa. Mimba, yapitirira malire. Wotsatira!"

Dzina lake lenileni linali Chipimathupi, koma ndi kutentha kwa ku Ngabu, kumene nkhuku zimaikira mazira owiritsa kale, ndani akanalimbana ndi dzina lalitali chotero? Anthu anangoti Telala.

Nkhani yake inali yoti pansi pa minda ya thonje panapezeka gasi wochuluka, ndipo kampani ina inafuna kumanga fakitale yomuyenga. Mayi Dzimbiri, injiniya wamkulu wa ntchitoyo, anasonkhanitsa antchito onse m'shedi n'kuwafotokozera.

"Kale ankayamba kumanga fakitale, kenako n'kumafunafuna munthu woti akwanemo," anatero mayiwo. "Valavu, chija chotsekera ndi kutsegulira paipi, ankachiika kudenga. Munthu n'kukwera pa ndowa kuti achifikire, n'kugwa, msana thyo! Batani lozimitsa ankaliika pafupi ndi loyatsa, onse ofiira. Ngozi ikachitika, ati wantchito ndi wosasamala. Ife tatembenuza. Tiyamba ndi munthu, fakitale tidzamusokera ngati suti."

Anthu anaomba m'manja. Mayiwo anapitiriza kuti kuyeza matupi kwatha, koma Telala akufunanso kuphunzira mmene munthu wodziwa ntchito amayendera, amagwirira ndi kupumira. Asankha mmodzi yekha. Atombolombo amulondola kwa sabata yathunthu m'kafakitale koyeserera ka matabwa, ndipo mapulani onse adzatchedwa dzina la munthu ameneyo.

Alufandika atamva zimenezo anakonza kolala. Anali mwamuna wamtali ngati mgwalangwa, ndipo anali atapotokola mavalavu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kuminda ya nzimbe. Ankatsegula valavu ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba, pakamwa pakuyenda nkhani za mpira, maso ali kwa amayi ogulitsa mandasi. M'mutu mwake chikwangwani chinali chitakhomedwa kale: MUYESO WA ALUFANDIKA, zilembo zagolide, zowerengeka uli pa ndege.

Telala anakhosomola ngati wailesi yotha batire.

"Wosankhidwa ndi Zuze."

Zuze! Msuweni wake weniweni, mwana wa amalume ake. Kamunthu kafupi, kofatsa, kamene kankapepesa ngakhale mbuzi kakaiponda chingwe. Zaka zonsezo Zuze ankagwira ntchito yomweyo mbali ina ya munda, ndipo analibe chipsera ngakhale cha udzudzu.

"Telala ameneyu ali ndi ng'ala!" anakuwa Alufandika. "Mwayeza bwino? Munthu uyu akakwera njinga amatsikira pa chulu!"

"Pepani asuweni," anatero Zuze. "Inetu sindinapemphe."

"Musandipepese! Kupepesa kwanuko n'kumene kumanditentha!"

Tsiku limenelo Alufandika anafika kunyumba nkhope itatupa ngati chule wopondedwa. Ndiwo anati zilibe mchere, madzi anati ndi onyowa kwambiri. Kumsika nkhani inali Zuze. Kumpopi, Zuze. Ngakhale mkazi wake, Nyakamera, anabwera kuchigayo akumwetulira.

"Mwamva, bambo? Akuti dzina la alamu anga lidzafika mpaka kumaiko a Aluya."

"Likafike, lisabwerereko!"

Loweruka m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti kulondola kuyambe, nsanje inamupatsa nzeru. Anapeza Zuze kuseri kwa shedi akupukuta nsapato zantchito. Anakhala pambali pake, n'kuvala nkhope ya munthu wobwera kudzanena za matenda.

"Asuweni, magazi ndi magazi. Sindingakusiyeni mugwe m'dzenje ndikuona. Mukudziwa amene amayang'ana kudzera m'maso mwa atombolombowa?"

"Si Telala?"

"Telala! Hehede! Ndi eni kampani, akuluakulu enieni, atakhala pa mipando yachikopa kutsidya kwa nyanja. Ku Beira anasankha munthu ngati inu. Iye n'kumayenda chilili pamaso pawo, chipewa kumutu. Mukudziwa chimene ananena?" Apa Alufandika anatulutsa mimba, anatsina mphuno, n'kulankhula ngati bwana wokhuta. "'Hmm! Kamunthu aka kalibe mwambo. Kachotsedwe, ndi abale ake omwe!'"

Zuze anagwetsa bulashi. "Ndiye nditani, asuweni?"

"Ulemu! Ngati pamaso pa apongozi. Mukafika pa valavu, gwadani. Ombani m'manja katatu. Gwirani ndi manja awiri, lamanzere lichirikize lamanja, ngati mukulandira mbale. Musayankhule. Mukamachoka, bwererani chammbuyo pang'onopang'ono."

"Zikomo kwambiri, asuweni. Mulungu akudalitseni."

Alufandika anachoka akudziluma lilime kuti asaphulike ndi phwete. Pamwamba pa shedi panali tombolombo mmodzi atatera, koma iye sanamuone. Ankadziwa kuti pofika Lachiwiri Mayi Dzimbiri adzati Zuze wazungulira mutu, n'kuitana mwamuna weniweni.

Lolemba anthu anadzaza pa mpanda wa waya kudzaonerera. Zuze analowa m'kafakitale ka matabwa kaja atombolombo asanu ali pambuyo. Atafika pa valavu yoyamba, mawondo pansi gwa! M'manja phu, phu, phu! Valavu inali pamwamba, choncho anatambasula manja onse awiri ali chigwadire, n'kuipotokola mwaulemu ngati akupereka moni kwa mfumu. Anthu anaseka mpaka ena kugwira waya. Alufandika ndiye anagubuduka m'fumbi.

"Taonani msuweni wanga akufunsira paipi ukwati!"

Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Mayi Dzimbiri ankangoyang'ana, chala chili pamlomo. Lachinayi anapita kwa Telala pamaso pa anthu onse.

"Telala, munthuyu ali bwino?"

"Munthuyu ndi wanzeru kuposa mabuku anga onse," linatero bokosi lija. "Gasi wathuyu ndi wopepuka. Akathawa m'paipi amakwera kumwamba, ndipo woima ndiye amayamba kumupuma. Wogwada amakhala pansi pake. Valavu ikaphulika imalasa chifuwa cha woima. Kwa wogwada imadutsa pamwamba. Manja awiri ali pa chogwirira, palibe chala chosochera choti chipanidwe. Kuomba katatu kumapatsa munthu mpata woganiza, ndipo anzake amamva kuti paipi ikutsegulidwa. Kubwerera chammbuyo, maso sachoka pa ntchito. Mwa ngozi khumi, zisanu ndi ziwiri zatha."

Mayi Dzimbiri anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. "Bambo Zuze! Zimenezi munaziphunzira kuti?"

Zuze anayang'ana pansi. "Ndi ulemu chabe, mayi."

Alufandika anamva ngati wameza khasu.

Mapulani atatha, anabwera maroboti omanga, tating'ono koma tambirimbiri, amene anthu anawatcha chiswe. Ankalavula chitsulo chosungunuka n'kumachiumba mosanjikiza. Pa masabata asanu ndi limodzi fakitale inaima mbuu, yonyezimira, mipaipi ili piringupiringu ngati matumbo a ng'ombe. Ndipo pageti, amayi inu, zilembo zagolide zija: MUYESO WA ZUZE.

M'katimo zonse zinali za munthu wogwada. Valavu iliyonse inali pamsinkhu wa mchombo wa mbuzi, patsogolo pake pali kapilo ka mphira kofewa. Loko wake sankamasuka mpaka utaomba m'manja katatu. Chogwirira chinali ndi malo a manja awiri, ndipo ukachotsa limodzi chinkauma gwa. Ukayamba kucheza, valavu inkati ndi mawu aulemu, "Pepani, timalize kaye ntchito." Mawu akewo anali a ndani? A Zuze!

Alendo anayamba kufika. Anabwera Aluya a mikanjo yoyera, anabwera Amwenye, anabwera azungu ofiira ngati tomato chifukwa cha dzuwa la ku Ngabu. Onse ankagwada pa timapilo tija, n'kuomba m'manja phu, phu, phu, akugwedeza mitu. Zuze anamukweza kukhala mphunzitsi wamkulu, anamupatsa ovolosi yoyera. Anamukweza ndege kupita naye kunja kukaphunzitsa anthu kugwada, munthu amene anali asanapitirirepo msika wa pa Thabwa, m'boma lakwawo lomwelo.

Alufandika ankagwada maulendo makumi anayi pa tsiku. Ndi kutalika kwake kuja, ankapindika katatu ngati lula ya kalipentala. Msana unasiya kumupweteka, zimene zinamukwiyitsa koposa. Usinkhu wonsewo, kuombera m'manja chitsulo cholankhula mawu a Zuze! Anayamba kuonda. Lamba anaboola mabowo awiri atsopano.

"Bambo, mukudwala?" anafunsa Nyakamera.

"Andibera! Nzeru ija ndi yanga! Kugwada ndi kwanga, kuomba ndi kwanga, manja awiri ndi anga. Zuze anangobwereka mawondo!"

"Nanga si munkafuna kuti amuchotse?"

"Zimenezo n'zina! Iwe uli mbali ya ndani?"

M'mawa mwake anavala jekete la ukwati, n'kukagogoda ku ofesi ya Mayi Dzimbiri. Zuze anali momwemo, akumwa tiyi wa mkaka m'kapu yokhala ndi dzina lake. Kapu ya dzina! Alufandika anaona mdima.

"Mayi, ndabwera kudzanena chilungamo. Muyeso umenewu ndinaupeka ndine. Ndinakhala pansi, ndinaganizira za gasi wopepuka, za chifuwa, za zala za anzanga. Ndinati, anthu asapweteke. Ndiye ndinamuphunzitsa uyu. Mufunseni!"

"Zoona, mayi," anatero Zuze. "Ndinakuuzani kale kuti anandilangiza ndi asuweni."

Mayi Dzimbiri anamwetulira. "Telala, tatithandiza."

Pakhoma panayaka chithunzi. Kuseri kwa shedi, Loweruka lija. Alufandika atatulutsa mimba, atatsina mphuno: "Hmm! Kamunthu aka kalibe mwambo!" Kenako Alufandika yemweyo akuchoka, akudziluma lilime, mapewa akugwedezeka. Atakhota pakona anavina kagule kakang'ono, akuimba chapansipansi kuti, "Lachiwiri achotsedwa, Lachiwiri achotsedwa."

Zuze anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Asuweni," anatero, "ndiye ku Beira kuja kunalibe munthu?"

Alufandika anayang'ana denga, anayang'ana nsapato, anafuna chiswe chija chibwere chimumangire khoma pomwepo.

"Bambo Alufandika, musadandaule," anatero Mayi Dzimbiri. "Dzina lanu sitinaliiwale. Telala anakuonerani inunso masiku onse aja, ndipo anati ndinu chuma. Fakitale simangidwira munthu wosamala yekha. Imamangidwiranso munthu wothamanga, wocheza, wodzidalira, kuti ngakhale iyeyo abwerere kwa mkazi wake ali wamoyo. Loko uja, chogwirira chouma chija, mawu okuletsani kucheza aja, zonsezo tinasokera inu. Bwerani muone."

Anawatengera ku holo yophunzitsira antchito atsopano. Pakati pake panaima roboti yaitali ngati mgwalangwa, dzanja limodzi m'thumba, khosi litapotokera kumbali ngati laona mandasi. Inayandikira valavu yoyeserera ikubwebweta ndi mawu amene Alufandika anawadziwa bwino: "Ine zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mphwanga! Izi ndimatsegula nditatsinzina!" Mpweya unaphulika kuti phwaa! Roboti chagada, miyendo m'mwamba. Ophunzira makumi atatu anaseka mpaka misozi. Pachifuwa pa robotiyo panali zilembo, zagolidenso: ALUFANDIKA.

"Tapanga mazana anayi," anatero mayiwo monyadira. "Fakitale iliyonse yogula Muyeso wa Zuze imalandira mmodzi waulere. Panopa mukugwa m'maiko khumi ndi asanu ndi awiri, m'zilankhulo zisanu ndi zinayi."

"Waulere?" Mawu a Alufandika anatuluka ngati a mwanapiye. "Zuze amagulidwa, ine ndine wa basela?"

Masana ake anabwerera ku ntchito, chifukwa gasi sadikira munthu wamanyazi. Anafika pa valavu yake, anapindika katatu, mawondo pa kapilo. Phu, phu, phu. Atakweza maso anaona ovolosi yoyera itaima patsogolo pake, kuseri kwa paipi. Antchito onse anasiya zimene ankachita.

Anali Zuze. Kenako, kwa nthawi yoyamba chibadwire, kamunthu kofatsa kaja kanatulutsa mimba, kanatsina mphuno.

"Hmm! Ameneyu ndiye ali ndi mwambo. Asachotsedwe."

Fakitale yonse inagwa ndi phwete. Alufandika anafuna kudzuka kuti amuonetse, koma akanachotsa dzanja limodzi chogwirira chikanauma, ntchito n'kuyambiranso. Anatsegula pakamwa kuti atukwane, valavu n'kumudula mwaulemu: "Pepani, timalize kaye ntchito."

Anamaliza, ali chigwadire, zala zonse khumi zili zamoyo.

Alufandika anakalamba osathyoka fupa, osapsa ngakhale nsidze, ndipo mpaka tsiku lomaliza sanamukhululukire msuweni wake. Akatswiri anakwanitsa kusoka fakitale yomukwana manja, msana ndi mawondo, koma mtima wa munthu wansanje palibe telala amene anaupezera saizi.