Mvula ya M'bulangete

Uyu ndi Mzime, mwana wotsiriza kwawo. Mzime ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna bulangete louma.

Bambo ake anali okhoma malata. Ankakonza madenga a anthu. Koma denga lawo linali ndi kabowo. Kabowoko kanali pamwamba pa mphasa ya Mzime.

Dzinja linafika. Mvula inagwa. Tho! Tho! Tho! Bulangete linanyowa. M'mawa Mzime analiyanika pachingwe.

Ana anzake anaseka. "Wakodzanso! Chimtsikana chonsechi!"

"Ndi mvula," anatero Mzime.

"Eya, mvula ya m'bulangete!"

Mzime analira. "Ababa, tsekani kabowo kaja."

"Malata akuterera, mwanangu. Ukufuna ndigwe? Dikira mvula ithe."

Mvula inatha. Chisanu chinafika.

"Ababa, tsekani kabowo kaja."

"Zala zauma ndi kuzizira. Dikira kutenthe."

Chisanu chinatha. Chilimwe chinafika.

"Ababa, tsekani kabowo kaja."

"Malata akuwotcha ngati chiwaya. Ndiponso dengali likudontha ngati? Denga lachira lokha!"

Denga silinachire. Ana nawonso sanaiwale. Mzime akapita kukasewera, anzake ankatseka mphuno. Mzime ankasewera yekha.

Tsiku lina masana kunachita mitambo yakuda. Bambo anabwera atatopa. Mzime anatenga bulangete lofiira la bambowo. Analiyala pamphasa yake.

"Ababa, gonani apa. Pali kamphepo."

Bambo sankadziwa pamene panali kabowo. Anali asanayang'anepo n'kamodzi komwe. Anagona. Anayamba kuliza mkonono.

Mvula inagwa. Tho! Tho! Tho!

Bambo anadzidzimuka. Bulangete linali lonyowa. Buluku lawo linali lonyowa. Mvula itakata, amayi anayanika zonse pachingwe.

Mayi woyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda. Anayang'ana bulangete lofiira. Anayang'ana buluku.

"Aa, bambo a Mzime! Kani matendawa ndi akumtundu?"

"Ndi mvula!" anakuwa bambo.

"Eya," anatero mayiyo. "Mvula ya m'bulangete."

Ana anaseka mpaka kugwa pansi. Bambo sanaseke. Anayang'ana Mzime. Mzime nayenso sanaseke. Iye ankadziwa kuwawa kwake.

"Zimawawa chonchi, mwanangu?"

"Chonchi, ababa. Chaka chonse."

Bambo anatenga makwerero. Anatenga hamala ndi kachidutswa ka lata. Anakwera padenga. Kho! Kho! Kho! Ana onse anaona kabowo kakutsekedwa.

Amayi anatereka madzi a tiyi. Madzi asanawire, bambo anatsika. Ntchito inali itatha.

"Ababa, malata sakuterera?"

"Akuterera," anatero bambo. "Koma manyazi amaterera kwambiri."

Mvula inagwanso. Inagwa mpaka m'mawa. Mzime anadzuka. Anagwira bulangete lake. Linali louma gwa! Analipinda bwinobwino. Kunja anzake ankamuitana kuti akasewere.

Pachingwe panatsala buluku la bambo lokha.