Mfumu Yoima pa Kreti

Oneika anali atagwada pa simenti ya mu holo kuyambira belu loweruka, nzimbe ili m'manja, mawondo atachita dzanzi. Tonse tinali titatopa heve. Ngakhale Madamu Pinnock amene ankangoyasamula.

Vuto linali chithunzi chakale chija chimapachikidwa kumbuyo kwa holo, chodindidwa ku England agogo athu asanabadwe. Pali mfumu ndi mkazi wake atagwirana manja, zisoti kumutu, mkango utagona pamapazi pawo. Pakona pansi pali mayi wakuda atagwada, akuwapatsa nzimbe. Madamu anati mayiyo ndi Jamaica, dziko lathu lino, ndipo kugwirana manjako kunkauza anthu kuti ufumu ndi wolimba, osayerekeza n'komwe kuukira. Ndiye pa tsiku la makolo, Lachisanu, kalasi yathu imayenera kuima ngati chithunzicho, osagwedezeka, iwo akufotokoza.

Mfumukazi anali Tashoya. Mfumu anali Kemarley, wamfupi kalasi yonse kkkk, poti chisoti chinakwana iye yekha. Madamu anati pa zithunzi zotere mfumu siiperewera kwa mkazi wake, ndiye anamuimika pa kreti ya zakumwa n'kuiphimba ndi katani. Mkango anali Jevaughn, atavala mopu kumutu. Oneika ndiye anali mayi wogwada uja.

"Iwe Jamaica, kweza nzimbeyo," anatero Tashoya. "Mfumukazi ili ndi njala."

"Tasho ndisiye, ndatopa."

"Aaa kapolo amatopanso?"

Anyamata anafa nacho chiseko. Oneika anangoyang'ana pansi.

Titatuluka mu holo, pageti panali bambo ake a Oneika pa njinga, ali bii ndi phulusa la kumunda kuja amaotcha nzimbe asanadule. Anamuona Tashoya akudya banzi.

"Ndiwe mnzake wa mwana wangayu eti? Lachisanu ndapempha tchuthi. Akuti ali pa chithunzi cha mafumu! Nzimbe ijanso ndinamudulira ndekha, yonenepa kuposa zonse." Anatembenukira kwa Oneika. "Nanga chisoti chako chikukukwana bwino?"

"Tiyeni adadi, tizipita," anatero Oneika.

Tashoya anatsala ali chiimire, banzi lili kukamwa, osatafuna.

Lachisanu mu holo munatentha koopsa. Makolo ankadzikupiza ndi zipewa, ana akulira, Madamu akufotokoza za mkango ndi mawu otheratu. Tashoya ali chiimire muja anawaona bambo aja kumbuyo, atavala shati yositasita, foni ili m'mwamba. Anayamba kumufuna mwana wawo pa mfumukazi. Kenako maso awo anatsika mpaka pakona paja, n'kumupeza atagwada ndi nzimbe yawo ija. Foni inatsika pang'onopang'ono mpaka inalowa m'thumba.

"Ndipo apa pansi, makolo," anatero Madamu, "tikuona..."

Tashoya anasiya dzanja la Kemarley. Koma guys, dzanja limenelo ndi lomwe limamuimika mwana uja pa kreti!! Kreti inapendekeka, mfumu khuu pamsana pa mkango.

"Mayo ine msana wanga!" unalira mkango kkkkk.

Tashoya sanacheuke n'komwe. Anawerama n'kumugwira Oneika mkono.

"Dzuka aise."

"Wapenga? Madamu atipha."

"Dzuka basi. Zija ndinanena zija zinali zopusa."

Oneika anadzuka movutikira, mawondo ali mbuu ndi fumbi. Anaima awiriwo phewa ndi phewa, nzimbe ataigwirira limodzi. Holo yonse zii, kupatula Kemarley amene ankafunafuna chisoti chake pansi pa mipando.

Madamu anatsinzina, n'kupuma mpweya wautali ngati munthu woti sanagone chaka chonse.

"Kenako, makolo," anatero, "monga mukuoneramu, zinthu zinasintha."

Mayi wina kutsogolo anayamba kuomba m'manja, ena n'kutsatira. Kumbuyo kuja foni inatulukanso m'thumba.

Lolemba Tashoya anapatsidwa chibalo chosesa holo yonse chifukwa chogwetsa mfumu dala. Oneika anabwera ndi tsache lake osaitanidwa. Atatopa anakhala pa kreti ija n'kumadya nzimbe, akulavulira makoko pomwe asesa kale.

Chithunzi chakale chija chidakali pakhoma. Koma cha mu foni ya adadi ake a Oneika ndiye tonse tili nacho: atsikana awiri ataima chilili, ndipo pakona pansi pakungooneka miyendo ya mfumu ili m'mwamba.