Phala Lokana Kusungunuka

Inspekitala Kiari Gremah anafika pa msasa wokumba mafuta mdima utangogwa. Malo achilendo. Mchenga, majenereta, mphepo yozizira. Mtembo anali atauvuula kale mu thanki n'kuufunditsa lona.

"Ndi Tchiroma, wosakaniza mankhwala," anatero mkulu wa msasawo, Alhaji Sanoussi, akufinya maso. "Waterereka yekha m'mawa. Komabe mufunseni dalaivala, anayambana dzulo."

Dalaivalayo anapukusa mutu. "Bwana, tinkalimbirana shuga wa tiyi. Munthu n'kuphedwera shuga? M'mawa ndinali kutali, ku tauni ya Diffa; ndachokako masana." Anzake anamuikira umboni.

Kiari anakwera pa thanki ndi tochi. Munali phala loterera, lokoka ngati therere. Pambali panali matumba okhuthula kumene.

"Phalali timalipopera pansi kuti ling'ambe mwala," anafotokoza Yagana, injiniya wa pamalopo. "Kenako mankhwala a m'matumbawa amalisungunula, mafuta n'kupeza njira. Koma zitsime zathu n'zosaya, pansi sipatentha. Otchipa awa sagwira ntchito popanda kutentha. Zitsime ziwiri zatsekeka kale. Tchiroma amati akanene kwa eni kampani."

"Anawagula ndani?"

Yagana anayang'ana pansi.

Kiari anaunikanso. Pakatikati pa phalalo panali kanthu konyezimira, kosamira, kosayandama. Anakakowa ndi waya.

Anampeza Sanoussi akumwa tiyi.

"Alhaji, magalasi anu ali kuti?"

"Ndinataya sabata yatha."

"Phala lija alisakaniza lero m'mawa." Kiari anaika magalasi patebulo, akadali ndi phala. "Mwakhuthuliramo matumba aja chifukwa chiyani?"

Sanoussi anaika kapu pansi.

"Ndimati lisungunuke, nditsegule mpope, ndiwatole pansi. Ku zitsime zakuya kumene ndinakulira pa ntchito, silinkachedwa."

"Nanga Tchiroma?"

"Ndinamupempha adikire kaye asanakanene, mwana wanga. Mankhwala aja ndinagula ndine, pofuna kuoneka wosamala chuma cha kampani. Akanandichotsa ntchito, dzina langa n'kuthera pomwepo. Anakana. Ndinamukankhira mu thanki, iye n'kundigwira kumaso, magalasi n'kugweramo."

"Ndiye iye uja amanena zoona."

"Amanena zoona."

M'bandakucha Kiari anamukweza Sanoussi kumbuyo kwa galimoto, unyolo uli m'manja. Atayandikira chipata, Sanoussi anasuzumira pawindo.

"Mumuuze Yagana asapopere phala lija m'chitsime chachitatu. Chitsekeka."

Dalaivala wa apolisi anayang'ana Kiari. Kiari anangoloza msewu.