Labala wa mu Valavu ya Asidi

Ku fakitale ankamutcha Chibakera, chifukwa bawuti yomanga iye sinkamasulika ndi munthu mmodzi. Sipanala yoyezera mphamvu ankainyoza kuti ndi ya anthu a manja a phala.

Madzulo ena anasintha labala wa m'kati mwa valavu ya paipi ya asidi, paipi ya pulesha yoopsa. Labala ameneyu ndi amene amatchinga kuti asidi asatuluke, ndipo safuna nkhanza. Mabawuti ake amamangidwa modumphanitsa, pang'onopang'ono. Chibakera anamanga mozungulira, n'kulumikiza chipaipi ku sipanala kuti akoke bwino. Pa bawuti yomaliza anamva kuti tswii m'katimo. Anadziwa kuti labala wang'ambika. Koma anzake anali pomwepo akumuchemerera, ndiye anangopukuta manja n'kuweruka.

Woti atsegule valavuyo m'mawa, nkhope ili pafupi, anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake. Ngati dala, mlamuyo anadzera kunyumba madzulo omwewo, akuseweretsa ana, n'kumanena kuti pomwe pagwira alamu iye amatsegula atatsinzina. Chibakera anaseka nawo, koma manyazi anamutentha mpaka m'makutu.

Onse atagona, anatenga labala watsopano m'bokosi lake la zitsulo n'kubwerera ku fakitale. Ananamiza mlonda wa pageti kuti waiwala foni.

M'chipinda cha mapaipi munkayaka getsi limodzi. Makina onse anali zii. Kenaka anamva chitsulo chikulira. Kwee. Kwee.

Pa valavu paja panali munthu, atamufulatira. Ovololo yake inali yong'ambika paphewa lamanzere, ngati ya Chibakera. Dazi lomwelo. Ankakoka sipanala yolumikiza chipaipi, akubuula monga amabuulira iye.

Chibakera sanathawe. Anaima n'kumaonerera, ndipo mantha anachepa poyerekeza ndi manyazi, poona kuti kani akamagwira ntchito amaoneka chonchi.

"Akulu, mukung'amba labala," anatero Chibakera.

Munthuyo sanacheuke. Anayankha ndi mawu a Chibakera enieni.

"Ndamva. Koma ndani waona?"

Munthuyo anapukuta manja, n'kudutsa pafupi naye atazolika, akununkha thukuta lomwe Chibakera ankalidziwa bwino. Chitseko chinatsekeka. Getsi linazima.

M'mawa anzake anamupeza atakumbatira valavuyo ngati mwana wodwala, milomo ili mbuu, labala watsopano akadali m'thumba. Mlamu wake atayandikira kuti atsegule, Chibakera anakaniza. Pamaso pa onse amene ankamuchemerera aja, anaulula poyera kuti wang'amba labala, ndipo anamva dzulo lomwe. Atamasula, anapezadi wang'ambika pakati. Mlamuyo anayang'ana labalayo nthawi yaitali, kenaka anadzigwira m'maso. Zimenezo zinamuwawa Chibakera kuposa mbama.

Zonong'onezana zinayamba masana. Mlonda analumbira kuti usikuwo Chibakera analowa kawiri, n'kutuluka kamodzi, ndipo potulukapo anatsanzika bwinobwino. Ena anati mlondayo ankasinza.

Mlamu uja anapita kukafunsa mlongo wake ngati sanade nkhawa kuti mwamuna wake sanagone pakhomo. Mayiyo anadabwa.

"Sanagone pakhomo ndani? Anabwera usiku, manja akununkha girizi, n'kugona pambali panga," anatero. "Analiza mkonono mpaka mbandakucha, ngati munthu wopanda mlandu."