Kathirakitala Kofiira ka Faness

Faness amafuna thirakitala yofiira. Samafuna yaikulu ngati ya bwana. Amafuna yaing'ono, yokoka ndi chingwe.

Faness amakhala pa esiteti ya fodya, kufupi ndi Nsaru. Abambo ake ndi amayi ake anali matenanti. Amalima fodya pa munda wa bwana. Kwawo kunali kutali, ku Phalombe.

Faness anatola chitini. Anatola waya. Anatola zitsekerero za mabotolo. Chitini chinakhala thupi. Waya anakhala chiwongolero. Zitsekerero zinakhala matayala.

Chinasowa ndi penti basi.

A Rabson amakonza njinga pa msika. Iwo anampatsa penti wotsala m'kabotolo. Anampatsanso machubu awiri a bolopeni.

"Chubu ichi chilowe m'penti," anatero a Rabson. "Chinachi uziuzira pamwamba pa chinzakecho. Penti azituluka ngati nkhungu."

Faness anathamangira kunyumba. Anaika tayala pa mwala. Anauzira, fuu!

Tayala linauluka. Linagwera m'fumbi.

Anaika chiwongolero pa mwala. Anauzira, fuu!

Chiwongolero chinauluka. Chinagwera m'fumbi.

Dzanja limodzi linagwira botolo. Dzanja lina linagwira chubu. Dzanja lachitatu Faness analibe.

Madzulo amayi ake anabwera kuchokera ku chigafa. Chigafa ndi chisakasa choyanikamo fodya. Amayi anali otopa. Koma anaona nkhope ya mwana wawo.

"Bwera nalo tayalalo, ndikugwirire," anatero amayi.

Amayi anagwira tayala. Faness anauzira, fuu! Tayala linafiira psuu. Amayi anagwira lina. Faness anauziranso. Zala za amayi nazo zinafiira psuu.

"Amayi, manja anu," anatero Faness.

"Ndisamba," anatero amayi. "Manja awa aona zambiri."

Amayi anasamba ndi sopo. Penti sanachoke. Anapaka palafini wa m'nyale. Penti anachoka pang'ono, koma fungo linatsala.

M'mawa amayi anapita kukasankha fodya. Faness anawaperekeza. Pakhomo pa chigafa panaima a Frazer, kapitawo wa pa esiteti. A Frazer ananunkhiza mpweya.

"Amake Faness, taonetsani manja."

Amayi anaonetsa manja.

"Kodi mwayamba ntchito yopenta?" anafunsa a Frazer. "Penti uku, palafini uku. Fodya amayamwa fungo, mukudziwa bwino. Mukufuna belo la bwana libwezedwe ku msika wa okushoni, eti?"

"Ndimathandiza mwana, bambo."

"Kamuthandizeni kunyumba. Manja otere salowa muno."

Amayi ena m'chigafa anaseka. Wina anati, "Asiyeni, akongoletsa zikhadabo. Akupita ku ukwati."

Amayi a Faness anabisa manja m'chitenje. Anabwerera kunyumba. Faness anawatsatira pambuyo.

Tsiku limenelo abambo anasankha fodya okha. Mawa lake anasankhanso okha. Fodya anali mulu. Manja anali awiri okha. Abambo amabwera msana uli wopindika.

Tsiku lina abambo anaona kabotolo ka penti pakhonde.

"Faness, penti ameneyu asakhudzenso dzanja la munthu pano. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Akakhudza, ndikataya zonsezi m'chimbudzi."

Faness anaika zidutswa zonse m'thumba. Thupi linali losapenta. Chiwongolero chinali chosapenta. Matayala awiri okha ndiwo anali ofiira.

M'mawa uliwonse Faness amatenga phulusa. Amatenga mchenga. Amatenga sopo. Amapukuta zala za amayi, chala ndi chala.

"Pepani, amayi."

"Pepani sachotsa penti," amatero amayi. "Kwecha bwino apa."

Faness amakwecha. Khungu limatupa. Amayi samadandaula.

Masana ena Faness anapititsa madzi akumwa kwa abambo. Iye sanalowe m'chigafa. Anaima panja, nayang'ana m'mwamba.

Masamba a fodya anali lende. Anali osokedwa pa ulusi. Ulusi unali pa mkangala, ndodo yoyanikira fodya. Mphepo imaomba. Masamba amagwedezeka, koma samagwa. Palibe amene amawagwira.

Faness anayang'ana nthawi yaitali.

Kenako anathamangira kunyumba. Anatola mkangala wothyoka. Anasolola ulusi pa thumba lakale. Anatenga msomali ndi mwala. Anaboola tayala, go, go. Anaboola linzake, go, go.

Anasoka matayala pa ulusi, ngati fodya. Anasoka chiwongolero. Anamangirira thupi. Ulusi anaukoka kuti ukungike. Mkangala anaupachika pa nthambi za mtengo wa gwafa.

Amayi anatuluka m'nyumba.

"Ndigwire pati?" anafunsa amayi.

"Musagwire paliponse, amayi. Khalani uko. Manja kumbuyo."

Amayi anaseka pang'ono. Anakhala pa mphasa, manja kumbuyo.

Faness anakulunga botolo ndi tsamba la nthochi kuti penti asakhudze dzanja lake. Anauzira, fuu! Tayala linagwedezeka, koma silinagwe. Anazungulira kuseri. Anauzira, fuu! Chiwongolero chinagwedezeka, koma sichinagwe.

Zonse zinafiira psuu. Zinauma pomwepo, zili lende. Faness anayang'ana manja ake. Analibe penti.

Masiku anapita. Phulusa ndi mchenga zinagwira ntchito. Amayi anapitanso ku chigafa. A Frazer ananunkhiza dzanja ili. Ananunkhiza dzanja ilo.

"Lowani," anatero. "Mulu wanu ukukudikirani."

Mulu unalidi waukulu. Masamba ena apansi anali atachita nkhungu. Amenewo anatayidwa. Amayi anawayang'ana, nakhala pansi, nayamba kusankha.

Madzulo Faness anakoka kathirakitala kake pabwalo. Kamalira kwe, kwe, kwe. Abambo anakanyamula. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Anakugwirira ndani?"

"Mkangala, ababa."

"Mkangala," anatero abambo. Anapukusa mutu. Pakamwa pawo panabwera kaseko. "Mkangala ulibe zala. A Frazer sangauthamangitse."

Kenako abambo anaona tayala limodzi lakumbuyo. Linali ndi chidindo pakati, timizere tozungulira.

"Ili lalakwika. Penti watsala? Ulipentenso."

Faness analanda kathirakitala kake. Anakafungatira pachifuwa.

"Ayi, ababa. Chimenecho ndi chala cha amayi."

Amayi anaika chala chawo chachikulu pa tayala lija. Chinakwana ndendende.

"Chisiye chikhale," anatero amayi. "Ndinachilipira ndine."

Abambo anagwira chingwe. Anakoka kathirakitala mpaka pa mtengo wa gwafa. Faness anathamanga pambuyo pawo. Tayala la chala cha amayi limazungulira pamodzi ndi anzake.