Ulusi Unathera M'nyanja

Kanyerere ankafuna ulusi. Ankafuna ulusi wake pa mapu a kusukulu.

Mapuwo anali aakulu, odzaza khoma. Aphunzitsi anati, "Makolo anu akale anachokera kuti? Kafunseni. Tidzamanga ulusi kuchokera kumeneko mpaka kuno."

Anzake anabweretsa ulusi. Wina wobiriwira. Wina wachikasu. Kanyerere analibe.

Kunyumba kunali zii. Amayi ake anamwalira. Abambo ake ankakonza njinga pakhonde. Sankalankhula zambiri.

"Ababa, makolo athu anachokera kuti?"

"Anga ndi akonkuno."

"Nanga a amayi?"

Abambo anapukuta tcheni. Anapukutanso.

"Kutali," anatero.

"Kutali bwanji?"

"Kutali basi."

Kanyerere anakhala pansi. Anadikira. Anadikirabe.

Kenako abambo analowa m'nyumba. Anatsitsa dengu la amayi pamwamba pa kabati. Munali juzi yosamaliza kuluka. Munalinso mpukutu wa ulusi wofiira.

Pa kalendala panali kamapu. Abambo analoza kachilumba ndi chala cha girisi. Anayeza ulusi. Anadula. Anabweza dengu msangamsanga.

Kusukulu, Kanyerere anakwera pampando. Anamanga ulusi pa chilumba chija. Anakoka. Anakokanso. Ulusi unathera m'nyanja!

"Eee! Agogo ako anali nsomba!" anatero mnyamata wina.

Kalasi yonse inaseka. Pa nthawi yopuma, Kanyerere anakhala yekha kuseri kwa kalasi.

Atafika kunyumba, anaika ulusi patebulo.

"Wafupika, ababa."

"Ndinayeza bwino."

"Munayeza pa kamapu kakang'ono. A kusukulu ndi aakulu."

"Mmm," anatero abambo.

Mawa lake, munthu anagogoda pakhomo la kalasi. Anali abambo. Anavala malaya awo antchito. Ananyamula mpukutu wonse wa ulusi.

"Lowani, bambo," anatero aphunzitsi.

Abambo anagwira nsonga ya ulusi pa chilumba. "Koka, mwanawe."

Kanyerere anakoka. Ulusi unawoloka nyanja.

"Apa anatsika m'sitima," anatero abambo.

Kanyerere anakoka. Ulusi unakwera mapiri.

"Apa anayenda wapansi. Nsapato zinatha."

Kanyerere anakokanso. Ulusi unafika! Kalasi yonse inangoti kukamwa yasa.

"Anayenda ndani, ababa?"

"Agogo awo a amayi ako. Anali kamtsikana ngati iwe."

"Anakuuzani ndani?"

Abambo anayang'ana ulusi. "Amayi ako. Ankandiuza akuluka."

"Ankanenanso chiyani?"

"Zambiri. Anali wolongolola ngati iwe."

Belu linalira. Ana onse anatuluka. Kanyerere anagwira dzanja la abambo la girisi lija.

"Mundiuza zonse?"

Abambo anatulutsa njinga pamthunzi. Anapukuta kaliyala ndi chipewa chawo.

"Kwera," anatero. "Ugwiritsitse. Tidzera njira yaitali."