Anamutumiza ku Namitambo Osanena Chifukwa

Ku Likoswe, nyumba ya mayi Anjelina inali ya mapemphero. Korona sankadumphitsa, ndipo mwana wawo Gregorio, wa zaka khumi ndi zisanu, ankatumikira pa Misa.

M'chaka cha 1981 mnyamatayu anayamba kucheza kwa Andrea, bambo wokonza njinga, wa pakamwa ponyansa.

"Mtsikana safunsidwa, mphwanga," ankatero Andrea. "Akati ayi, ndi manyazi chabe."

Gregorio anameza zonse. Anayamba kudikirira atsikana panjira ya kuchitsime n'kumawakoka zovala. Tsiku lina kamtsikana ka khomo loyandikana nawo kanathawira kwawo kakulira, katataya ndowa.

A Pius, mphunzitsi wa katekisimu, anapita kwa mayi Anjelina. Anapezako a Stefano, atsibweni ake a mnyamatayo, mwini mbumba.

"Awa si masewera," anatero a Pius. "Khalani naye pansi, mumufunse amene akumuphunzitsa zimenezi. Auzidwe poyera kuti akulakwira anzake. Ndipo asamatsale yekha ndi ana."

"Aphunzitsi, mbumbayi ndi yanga," anayankha a Stefano. "N'kukula kumeneko. Tikapepesa ndi nkhuku, nkhani ithere pompano."

Nkhuku inapitadi. Gregorio sanafunsidwe kanthu. Mayi ake anangoti, "Mwanawe, usatichititse manyazi," iye n'kuona kuti mlandu wake ndi wopepuka. Kenaka anamutumiza ku Namitambo kwa mayi ake aang'ono, a Idesi, ati akathandize kumunda. Chifukwa chenicheni anachibisa. Ine zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka lero, pakuti a Idesi anali ndi mwana wamkazi, Maluwa, ndipo a Stefano ankadziwa bwino lomwe.

A Idesi anamulandira ndi manja awiri. Popita kuchigayo ankamusiyira nyumba ndi mwana yemwe. Mwezi usanathe, anabereka Maluwa kumsana n'kuthamangira naye kuchipatala, Gregorio atamuchita zachipongwe mwanayo. Anamwino anaitana apolisi, ndipo khoti linatumiza Gregorio kusukulu ya ana opalamula.

A Idesi anafika ku Likoswe wapansi, ndipo anakana kukhala pamphasa.

"Achemwali, kodi munkadziwa?"

Mayi Anjelina anagwetsa nkhope pansi.

"Mukanangondiuza mawu amodzi," anatero a Idesi, "ndikanamapita naye kuchigayo mwana wanga."

Sanapondenso pakhomopo, ngakhale pa maliro a mayi Anjelina.

Anyamata inu, thupi la mnzanu si lanu, ndipo wokuuzani zina akukukankhirani kudzenje. Makolo inunso, mwana akayamba khalidwe lotere, mufunseni, mudzudzuleni, mupezereni thandizo, ndipo chenjezani amene akumusunga. Mukabisa, tchimolo silifa. Limakagwera mwana wina amene sanalakwe kanthu.